Makiyi otha nthawi a pulogalamu ya m'sitolo: momwe ntchito ikuyendera

Sabata yoyamba, Lolemba

Loweruka ndinalowa m'sitolo ina ya mbewu ndi feteleza ku Mchinji kukagula mankhwala a nankafumbwe, ndipo pa kauntala ndinapeza pulogalamu yanga ikugwira ntchito. Ndinaizindikira ndi batani losindikizira lisiti, lomwe ndinaliika mopendekeka mu 2021 ndipo mpaka lero sindinaliwongole. Eni sitoloyo sindinawagulitsepo kanthu. Nditafunsa mnyamata wa pakauntala komwe anaitenga, anandiyankha mwaulemu wonse: "Anatiikira achimwene amene amatikonzera makompyuta. Ndi yabwino zedi, bambo. Ngati muli ndi flash tikhoza kukukopererani." Ndinathokoza, n'kulipira mankhwala anga, n'kumapita.

Mlandu ndi wanga. Khomo ndinalisiya pululu ndekha: foda imodzi, m'katimo fayilo ya exe ndi database ya SQLite, munthu akangokopera basi yayamba kuwerengera katundu. Komanso ndinkagulitsa kamodzi n'kutha, ngati mpando. Koma pulogalamu si mpando. Imafuna kuti uziipitira, ndipo chichokereni pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe ena anandipatsa poyamba paja siikwananso ngakhale thiransipoti ya ulendo umodzi wokakonza printer.

Ndiye ndaganiza zoika makiyi otha nthawi, kutanthauza zilembo ndi manambala zomwe munthu azilemba kuti pulogalamu igwire ntchito, olipira pachaka kapena pa miyezi itatu. Ndadziikira malamulo ndisanalembe mzere uliwonse wa code. Zonse zizitheka popanda intaneti, chifukwa makompyuta ambiri a makasitomala anga sanalaweko netiweki. Kiyi azikwana mu SMS imodzi. Ndipo kiyi akatha, mabuku a munthu asatsekeredwe.

Sabata yoyamba, Lachinayi

Ndinayamba ndi kusirira tokeni ya magetsi. Manambala 20 okha, umalemba pa mita, mayunitsi alowa, ndipo agogo omwe amadziwa kale kachitidwe kake. Ndinafuna zomwezo. Ndinatenga nambala ya kasitomala ndi tsiku lothera, n'kuzidinda ndi HMAC-SHA256, njira yodindira uthenga pogwiritsa ntchito mawu achinsinsi, n'kudula zotsatira zake kuti zikhale zazifupi. Kiyi anatuluka wokongola, wa zilembo 20. Ndinagona mokondwa.

M'mawa ndinatsegula exe yanga ndi ILSpy, chida choonera code ya mkati mwa pulogalamu, monga angachitire aliyense wodziwa pang'ono C#, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Tiyi asanazizire ndinali nditapeza mawu achinsinsi aja ali poyera, mkati mwa class yomwe ndinaitcha ndekha dzina loti aliyense adziwe kuti chuma chili pano. Vuto la HMAC pa ntchito ngati iyi ndi lakuti chinsinsi chotsimikizira kiyi ndi chomwecho chopangira kiyi. Wochipeza amasanduka ine: akhoza kumagulitsa makiyi a pulogalamu yanga pamsika.

Mita ya magetsi imakwanitsa ndi manambala 20 chifukwa chinsinsi chake chili m'bokosi lomata, ndipo mita iliyonse ili ndi chake. Yanga ndi fayilo yomwe aliyense akhoza kuisuzumira ali pa mkeka kwawo. Ndafufuta zonse za masiku atatuwa.

Sabata yachiwiri

Ndasamukira ku Ed25519, njira yosainira yomwe Daniel J. Bernstein ndi anzake anatulutsa mu 2011. Ndikugwiritsa ntchito libsodium, code yokonzedwa kale yochitira zimenezi. Pofotokozera mlamu wanga, amene amandithandiza kutolera ndalama ndi kuyankha mafoni, ndinayerekeza ndi kalata ya kwa amfumu. Chidindo chili ndi amfumu okha. Wina aliyense akhoza kuona kalata n'kudziwa kuti chidindocho n'chenicheni, koma kudziwa maonekedwe ake sikumupatsa mphamvu yodinda kalata ina. Mu pulogalamu ndikuikamo public key yokha, ya ma byte 32 (byte ndi kamuyezo ka kukula kwa uthenga mu kompyuta), yongoyang'anira. Chidindo chenicheni chikhala kwa ine.

Mtengo wake ndi kutalika. Siginecha ya Ed25519 ndi ma byte 64 ndipo siidulika. Ukachotsapo ngakhale imodzi yafa. Choncho ndinayenera kufinya uthenga weniweniwo. Ndaupanga wa ma byte 16: imodzi ya mtundu wa kiyi, awiri a nambala ya kasitomala, awiri a tsiku lomwe kiyi wapangidwa, awiri a tsiku lothera, ndi asanu ndi anayi a chizindikiro cha kompyuta. Zonse pamodzi 80.

Masiku ndikuwerenga kuchokera pa 1 Januwale 2020. Ma byte awiri amasunga masiku 65,536, zomwe ndi zaka pafupifupi 179. Ndinakhala pansi n'kuwerengetsera zimenezi dala chifukwa cha zomwe zinachitikira mamita a prepaid a mtundu wa STS. Tokeni iliyonse imanyamula nambala ya mphindi zomwe zadutsa kuchokera pa 1 Januwale 1993, m'malo a ma bit 24, ndipo malowo anadzaza pa 24 Novembala 2024. Mamita mamiliyoni ambiri m'maiko osiyanasiyana anayenera kulowetsedwa ma tokeni apadera tsikulo lisanafike. Amene anakonza dongosololo anaona ngati zaka 31 n'zambiri. Ine zanga zidzathe ndili kale kuli chete.

Polemba kiyi ndasankha Base32 ya Douglas Crockford, njira yolembera ma byte ndi manambala ndi zilembo, yomwe ilibe zilembo I, L, O ndi U. Munthu akalemba O pulogalamu imawerenga 0, akalemba I kapena L imawerenga 1. Ma byte 80 akupereka zilembo 128 ndendende. Ndazigawa m'magulu 16 a zilembo zisanu ndi zitatu, ndipo gulu lililonse ndaliwonjezera chilembo chimodzi choyesera, kuti munthu akaphonya pulogalamu imuuze kuti "gulu lachisanu ndi chiwiri lalakwika" m'malo momubweza kuti ayambirenso. Zilembo 128, kuphatikiza 16 zoyesera, kuphatikiza timizere 15 tolekanitsa magulu: 159. SMS imodzi imanyamula 160. Ndinaseka ndekha usiku ngati wamisala.

Kutanthauza kuti mulibe malo a moni. Mlamu wanga wakana zotumiza manambala okhaokha kwa munthu wamkulu popanda "Mwaswera bwanji", ndiye moni uzipita mu SMS yakeyake. Ndamuchenjezanso kuti asaikemo ŵ kapena kachithunzi kalikonse mu uthenga wa kiyi, chifukwa chilembo chimodzi chotere chimagwetsa malire kuchoka pa 160 kufika pa 70, ndipo kiyi amafika ali zidutswa zitatu.

Sabata yachitatu

Kumangirira kiyi ku kompyuta imodzi. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi.

Windows ili ndi nambala yotchedwa MachineGuid mu registry, momwe Windows imasunga makonzedwe ake, ndipo ndinayamba ndi imeneyo. Poyesa pa makompyuta anayi a kasitomala wina wa sitolo ya hardware, atatu anandipatsa nambala yofanana. Amene anawaikira Windows anangokopera disk imodzi pa onse, monga amachitira amisiri ambiri pofuna kufulumira. Mbali ina, nambala yomweyo imasintha munthu akaikanso Windows, ndipo kwathu kuno mankhwala a matenda alionse a kompyuta ndi "tiifomate". Ndiye MachineGuid payokha ikhoza kulola atatu kudyera mbale imodzi, n'kumana mwini mbale.

Ndinayesa serial ya motherboard. Pa makompyuta awiri osonkhanitsidwa pamanja yankho linali mawu akuti "To be filled by O.E.M.", pa ina "Default string". Fakitale sinalembemo kanthu.

Zomwe ndakhazikika nazo: nditenga zinthu zitatu, MachineGuid, serial ya disk ndi UUID ya motherboard. Chilichonse ndichipera ndi SHA-256 n'kusungako ma byte atatu. Ziwiri mwa zitatuzo zikagwirizana ndi zomwe zili mu kiyi, pulogalamu itseguke. Ofomata Windows apulumuka, osintha disk yokha apulumukanso bola Windows ikhale yomweyo. Mawu opanda pake a fakitale aja ndawaika pa mndandanda woti asawerengedwe. Pa sikirini pazioneka zilembo 15 zoimira kompyutayo. Kasitomala azitumiza pa SMS kapena kujambula ndi foni n'kuponya pa WhatsApp, alipire pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ife tibweze kiyi.

Sabata yachinayi

Sabata yonse yathera pa wotchi, ndipo ndaona kuti ntchito yeniyeni inali pano. Siginecha ndi masamu, ikakhoza yakhoza. Koma kiyi wotha nthawi amadalira kuti kompyuta inene zoona za tsiku, pomwe wotchiyo ili m'manja mwa munthu yemwe ukufuna kumulipiritsa. Kubweza deti ndi mabatani anayi okha.

Njira yodziwika ndi kusunga tsiku lakutsogolo kwambiri lomwe pulogalamu inaonapo, n'kumayerekeza nalo. Ndikulisunga malo atatu: mu registry, mu kafayilo kena, ndi mu database momwemo. Koma mboni yanga yodalirika ndi malisiti. Lisiti lililonse lili ndi deti, ndipo mwini sitolo sangafufute malonda ake a dzulo pofuna kundibera ine. Ngati lisiti lomaliza likunena za Lachisanu lapitali koma wotchi ikunena za chaka chatha, wina akunama, ndipo si lisiti.

Palinso wochenjera wina amene sabweza deti kutali, amangoliimika. M'mawa uliwonse amabwezera wotchi pa tsiku lomwelo, kiyi osatha. Pa ameneyu ndaika kawerengero ka maola omwe pulogalamu yakhala yotsegula, kosadalira wotchi ya Windows. Tsiku limodzi likapitirira maola 30 a ntchito, pulogalamu imadziwerengera yokha kuti kwacha. Komabe ndikukayika ngati alipo angapirire zimenezi. Malipoti ake onse a tsiku ndi tsiku angasanduke phala, malonda a mwezi wathunthu ataunjikana pa Lachiwiri limodzi.

Chomwe chinandidya tsiku lathunthu ndi UTC, nthawi yomwe dziko lonse lapansi limayezerapo mawotchi ake. Mabuku onse ophunzitsa code amati sunga nthawi mu UTC, ndipo ndinatero. Malawi ili maola awiri kutsogolo kwa UTC, nkhani yosavuta. Koma ma laputopu ambiri akaunjika amabwera ali pa nthawi ya kugombe la kumadzulo kwa America, maola 9 kapena 10 kumbuyo kwathu malinga ndi nyengo. Wogula sasintha time zone. Amangokonza manambala a pakona paja kuti afanane ndi a pa foni yake. Wotchi yooneka ndi maso imakhala yolondola, UTC ya mkati ili kutsogolo ndi maola onsewo. Pa laputopu yoyesera kiyi anatha dzuwa likadali pamutu, tsiku lake lomaliza lisanathe. Ndasiya UTC. Ndikutenga deti lomwe munthu akuliona pa sikirini, popeza ndi lomwe limapita pa malisiti, ndipo ndi lomwe iye amalisamala.

Ndachotsanso malo onse omwe ndinkasunga deti ngati mawu. Kompyuta ina imalemba 03/04 kutanthauza 3 Epulo, ina 4 Malichi. Tsopano ndi nambala ya masiku basi.

Sabata yachisanu

Sindinagwire kompyuta. Kunali maliro kumudzi.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachiwiri

Ndinaika pulogalamu yatsopanoyi m'masitolo atatu kuti tiyese. Lero 7 koloko m'mawa foni inalira, mayi a sitolo ya ku Dedza, kasitomala wanga woyamba weniweni, amene sanachedwetsepo ndalama yanga ngakhale tsiku limodzi.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Pepani ndakuimbirani m'mamawa. Makinawa akuti ndasokoneza wotchi ndipo laisensi yaimitsidwa. Ine ndasokoneza chiyani? Anthu ali pamzere pano."

"Pepani kwambiri, mayi. Taonani pakona yakumanja pansipo, deti likuti chiyani?"

"Likuti 2009."

Batire la pa motherboard, kaja kooneka ngati ndalama yachitsulo, CR2032. Likatha mphamvu, kompyuta imaiwala tsiku nthawi iliyonse magetsi akathima, n'kubwerera ku chaka chomwe BIOS yake imayambira. Pa makompyuta akale omwe makasitomala anga amagula, limeneli si vuto la apo ndi apo. Ndinalidziwa bwinobwino, koma pomwe ndinkalemba code maganizo anga onse anali pa wakuba, ndipo uthenga womwe ndinalemba unali wolankhula ndi wakuba. Unakafikira mayi woona mtima, pamaso pa makasitomala awo. Manyazi anandigwira.

Ndinawatsogolera pa foni kuti akonze deti. Apa m'pamene panatulukira chachiwiri. Pofulumira analemba 2052 m'malo mwa 2025. Pulogalamu inaona 2052, n'kusunga chakacho malo atatu aja ngati tsiku lakutsogolo kwambiri, n'kunena kuti kiyi anatha kalekale. Atakonzanso kukhala 2025, inati abweza wotchi ndi zaka 27. Msampha wanga womwe unawakola miyendo yonse iwiri. Ndinakwera minibasi. Tsiku lonse analemba malonda m'kope, ndipo madzulo ndinawathandiza kulowetsa limodzilimodzi. Anandipatsa mbatata ya kachewere ya ulendo, zomwe zinangowonjezera manyazi.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachisanu

Zomwe ndasintha chifukwa cha Dedza.

Mawu oti "mwasokoneza" ndawachotsa paliponse. Wotchi ikakhala kumbuyo, pulogalamu ikunena kuti: "Deti la kompyutayi likuoneka lolakwika. Lisiti lomaliza linali la tsiku lakuti. Konzani deti kuti malisiti anu akhale olondola." Pansi pake pali batani lotsegula pokonzera deti, ndi chiganizo chonena za batire. N'zoonanso, si ulemu chabe: lisiti la 2009 silithandiza mwini sitolo. Wobweza dala ndi wa batire lakufa onse akulandira uthenga umodzi, ndipo onse njira yawo ndi imodzi, kukonza deti.

Wotchi ikalumpha kutsogolo masiku opitirira 40, pulogalamu siikhulupirira msanga. Imafunsa kaye, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti "Kodi lero ndi tsiku lakuti, chaka chakuti?" ndipo siisunga tsikulo kapena kulola lisiti mpaka munthu avomere. Ndaika 40 poganizira amene amatseka sitolo mwezi wathunthu nthawi yokolola.

Ndawonjezera mtundu wachiwiri wa kiyi, wokonzera wotchi. Byte yoyamba ija ndiyo ikunena mtundu. Kiyi ameneyu akalowa, tsiku losungidwa limabwerera pa tsiku lomwe ndamupanga, ndipo amagwira kamodzi kokha. Akanakhalapo Lachiwiri, ulendo wa ku Dedza ukanakhala SMS. Pomwe pali intaneti, pulogalamu izifunsa nthawi ku pool.ntp.org mwakachetechete n'kudzikonza yokha, koma sindikuwerengera zimenezo.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Takangana ndi mlamu wanga pa zomwe zizichitika kiyi akatha. Iye akufuna chitseko chachitsulo: tsiku lakwana, sikirini yakuda, nambala ya foni yathu pakati. "Alamu, anthu athuwa mukawamvera chisoni salipira. Magetsi akatha mayunitsi amathima, ndipo palibe amakwiya." Mfundo yake ndi yomveka, ndipo ndi iye amene amayenda kukatolera ngongole, osati ine.

Koma magetsi akathima katundu wa m'nyumba amakhala wako. Mu database muja muli ngongole zomwe alimi anatenga feteleza, muli mitengo, muli zomwe mwini sitolo adzafune powerengera msonkho wa ku MRA. Zimenezo si zanga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhatewo pano ndi mabuku a eni ake. Komanso ndikudziwa mmene mbiri imayendera pa trading centre: munthu mmodzi akangonena kuti "pulogalamu ija inanditsekera mabuku", palibenso wina adzaigule dera lonselo.

Tagwirizana motere. Kutatsala masiku 14 kamzere kachikasu kazioneka pamwamba. Tsiku likakwana tiwonjezera masiku 7 aulere, kamzere kafiire, chifukwa ndalama ya m'sitolo imayenda ndi masiku a msika ndipo netiweki yotumizira ndalama nthawi zina imavuta. Akatha amenewo, kugulitsa ndi kulowetsa katundu watsopano kuima. Kuona zakale, kusindikiza malipoti, kulandira ndalama za ngongole zakale ndi kutulutsa zonse kupita ku Excel kukhala kotsegula mpaka kalekale. Mlamu wavomera monyinyirika, ndipo wati tikaona miyezi itatu anthu akungokhala pa masiku aulerewo, adzabweranso ndi nkhaniyi. Ndalemba kuti ndisadzakane kuti sananene.

Amene anagula kale pa mtengo wa kamodzi n'kutha sindiwakakamiza. Pulogalamu yawo yakale ipitirira momwe ilili. Ofuna yatsopano, yokhala ndi malipoti a phindu ndi chenjezo la mankhwala otsala pang'ono kutha ntchito, alowe m'dongosolo la makiyi, chaka choyamba theka la mtengo.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Ndayesa kuthyola ndekha. Ndi dnSpy, chida chosinthira code ya mkati mwa exe, munthu akhoza kupeza pomwe pulogalamu imafunsa ngati kiyi ali bwino, n'kusintha yankho kuti lizikhala "inde" nthawi zonse. Zinanditengera madzulo amodzi, koma ine ndimadziwa poyang'ana. Ndamwaza mafunsowo malo angapo, ena amabwera pakapita nthawi osati potsegula pomwe. Ndinayesanso chida chosokoneza code kuti isawerengeke. Antivirus ya pa kompyuta yoyesera inaimeza exe yonse n'kunena kuti ndi kachilombo. Ndachichotsa. Kuli bwino katswiri mmodzi aithyole kusiyana n'kuti makasitomala khumi aziimba kuti pulogalamu yasowa. Amene ndikulimbana naye ndi flash ya mmisiri uja, ndipo imeneyo tsopano ikakopera ikupeza sikirini yopempha kiyi.

Chidindo chija ndachichotsa pa laputopu yomwe ndimayenda nayo. Chili pa kompyuta yakale yosalumikizidwa ku intaneti, ndi pa ma flash awiri osungidwa nyumba zosiyana. Ndachisindikizanso papepala, zilembo 52, chifukwa flash imafa osatsanzika. Chikatayika sindingapangenso kiyi ngakhale mmodzi, ndipo ndingayenere kuzungulira masitolo onse ndi exe yatsopano. Chikabedwa, ulendo ndi womwewo.

Maliro aja anandiganizitsa china. Ine nditagundidwa ndi galimoto mawa, masitolo onsewa aziima mmodzimmodzi pomwe makiyi akutha. Ndalemba malangizo a masamba awiri a momwe angapangire kiyi wa tsiku lakutali kwambiri, wa kasitomala aliyense, ndipo ndawaika mu envelopu limodzi ndi pepala la chidindo. Mlongo wanga ndiye wasunga. Anandiyang'ana moipa n'kunena kuti ndisamalodze.

Zotsala: kachida kopangira makiyi kakadali ka pa command line, ndipo mlamu sangakagwiritse ntchito, kakufunika sikirini ya mabokosi atatu ndi batani. Sindinayese pa Windows 7, yomwe masitolo awiri akadali nayo ngakhale Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020. Mayi a ku Dedza anatenga mphindi zisanu kulemba zilembo zonse zija ndipo anaphonya magulu awiri, choncho ndikufuna pulogalamu izithanso kuwerenga kiyi kuchokera mu fayilo ya pa foni kudzera pa chingwe cha USB.

Ndagula mabatire khumi a CR2032, ali m'chikwama cha laputopu, ndipo kulikonse komwe ndikaike pulogalamu ndizisintha batire ndisanayambe china chilichonse. Loweruka ndibwerera ku Mchinji kukaonana ndi eni sitolo ija. Ndikawaonetsa yatsopanoyi ndi mtengo wake. Batani la lisiti ndaliwongola dzulo, ndiye mwina akakayika ngati ndi pulogalamu yomweyo.